Denga la Kalavani ndi Nkhuni za Anansi

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa yayamba kukambidwa mosalongosoka. Ana anga amaikamba ngati nthabwala, amati amayi awo anaopseza munthu wa inshuwalansi mpaka anasaina pepala akunjenjemera. Si momwe zinalili. Komanso awiri mwa amene analipo anatisiya, wina anasamukira ku Choma, ndipo sikoyenera kuti zimene anachita zitsale m'kamwa mwa anthu amene sanazione.

Kalavani imene ndikunena ndi galimoto yaikulu yoyera, yokhala ndi bedi, tebulo lopinda ndi makabati m'kati mwake. Malemu amuna anga anaigula kwa alendo awiri amene anathera ulendo wawo kuno pa mathithi a Mosi-oa-Tunya atatopa ndi msewu. Ine ndinatsutsa. Ndinati munthu wogwira ntchito kunjanji, wa ana atatu, alibe chifukwa chogulira nyumba ya matayala. Iwo anangoseka n'kundipatsa makiyi kuti ndisunge. Kuyambira pamenepo, tchuthi chilichonse cha Disembala tinkapita nayo kwathu ku Chipata, masiku awiri panjira, ana akulimbirana pazenera, ine ndikuchonga mapepala a ophunzira anga patebulo lopinda. Loweruka lina tinkaiimika m'mbali mwa mtsinje, kumtunda kwa mathithi, n'kumamwa tiyi tikuyang'ana nthunzi ya madzi ikukwera. Makabati amuna anga anawakonzanso okha ndi matabwa a mlombwa. Atamwalira, galimotoyo inaima pansi pa mtengo wa mango kumbuyo kwa nyumba. Sindidziwa kuyendetsa, koma inshuwalansi yake sindinasiye kulipira, monga ankachitira eni ake.

Chaka chachiwiri cha umasiye wanga, masana ena a mwezi wa Novembala, kunawomba mphepo yotsogolera mvula yoyamba. Ine ndinali kusukulu, kuyang'anira mayeso. Nditafika kunyumba cha m'ma folo ndinapeza bwalo losesedwa, ndipo amuna atatu anali kutsika pamakwerero. Wotsogolera anali mnansi wanga wa kumanja, kalipentala wopuma pantchito.

"Ba ticha, musade nkhawa, tasiliza kale," anatero akupukuta manja. "Nthambi ikulu ija inagwela pa motoka ya ba malemu. Mvula ni manje manje iyi."

Akazi awo anawonjezera ali pampanda: "Sembe mwapeza madzi pa bedi ya ba malemu, munakatiyesa anthu otani ife?"

M'dera lathu denga la mnansi silisiyidwa lotseguka mitambo itada, makamaka la mayi wamasiye. Anansi sayembekezera kupemphedwa. Anadula nthambiyo ndi nkhwangwa ndi sowo, ndipo monga mwa chizolowezi, aliyense wothandiza anatengako nkhuni. Pamalo obooka anaikapo malata awiri a nyumba, nawakhomera ndi misomali yaitali, msomali uliwonse ndi chotsekera botolo chake kuti madzi asalowe, kenako anapaka phula. Inali ntchito yaukhondo. Mvula inagwadi dzuwa lisanalowe, m'kati simunalowe dontho. Ndinawathokoza ndi mtima wonse, ndinawaphikira tiyi, ndipo m'mawa mwake ndinapita kuofesi ya inshuwalansi kukalemba fomu, mawu aliwonse monga zinachitikira.

Patapita sabata anabwera bambo wa ku inshuwalansi woona zowonongeka, wovala tayi ngakhale kunali kotentha chotero. Anakwera pamakwerero, anayang'ana nthawi yaitali, anatsika.

"Madamu, mtengo uli kuti?"

"Uli kumbuyo kwanu, bambo."

"Nikamba nthambi yamene inagwa."

Ndinamufotokozera. Anafunsa zithunzi, ndinati palibe amene anajambula, popeza manja onse anali pantchito. Anandiuza mwaulemu kuti denga la galimoto yotere si la nyumba. Ndi chitsulo chopyapyala ngati chivindikiro cha poto, pansi pake pali thabwa lopyapyalanso, ndipo msomali uliwonse unaboola zonse ziwiri. Anati papepala limene amuna anga anasaina panalembedwa kuti chowonongeka chisakhudzidwe mpaka a inshuwalansi atachiona. Pepalalo ndinali nalo m'kabati. Ine amene ndakhala ndikudzudzula ana chifukwa choyankha funso asanawerenge malangizo, ndinali ndisanaliwerengepo.

Kalata inabwera. Inati sanapeze umboni wakuti nthambi inagwa, ndipo zimene ndinalemba pafomu zinali zokayikitsa. Ndinaiwerenga kawiri nditaimirira. Denga ndikanatha kulisiya ndi malata ake mpaka ndalama zitapezeka. Koma chiyambire uphunzitsi wanga palibe anandiyesapo wabodza, ndipo tsopano mawuwo anali m'faelo, padzina limene amuna anga anandisiyira. Chimenecho sindikanachilola.

Kuofesi, mayi wa pakauntala anandimvera chisoni, anatsitsa mawu.

"Ba mayo, ni chopepuka. Lembani chabe kuti maneba anachita popanda chilolezo chanu, mukatenge lipoti ku polisi. Ikapita so, sibakana."

"Mukuti ndikasumire anthu amene anatchinjiriza bedi la amuna anga ku mvula?"

"Ni pepala chabe, ba mayo."

"Mwana wanga, vuto langa lonse ndi pepala."

Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti bambo wa tayi uja abwerenso Loweruka, ndidzamuonetsa nthambi.

Kuitanitsa chimene munthu anatenga m'bwalo mwako ndi dalitso lako ndi chinthu chamanyazi, ndipo masiku atatu otsatirawo ndinachita manyazi okwana chaka. Ndinayenda khomo ndi khomo nditavala monga ndikupita kutchalitchi, kupempha nkhuni zanga. Mkazi wa kalipentala anaseka mpaka anakhala pansi.

"Ba ticha, na phulusa mufuna tibweze?"

Mwamwayi nkhuni za mango zaziwisi siziyaka msanga, choncho zambiri zinali zikali zounjikidwa kuseri kwa makhitchini. Mayi wogulitsa nsomba zouma ku Maramba anali atatenthako zitatu, ndipo anapepesa ngati wandibera. Chovuta chinali tsinde la nthambi, mbali imene inathyoka kumtengo. Palibe ankakumbuka amene analitenga, mpaka mlonda wa pahotela, amene ankagwira makwerero tsiku lija, anati linapita ndi wosema ziboliboli wa kumsika wa Mukuni Park, mlamu wake wa kalipentala. Ndinam'peza pamthunzi kuseri kwa msika, chipikacho chili pakati pa miyendo yake. Mbali imodzi inali itayamba kale kuoneka ngati mutu wa mvuu.

"Ba mayo, iyi mvuu ili na kasitoma kale, mzungu abwela Mande."

"Mudzaitenganso Loweruka madzulo. Koma mbali inayo musaikhudze."

Mbali inayo inali yothetheka monga inathyokera, ndipo m'khungwa mwake munali penti yoyera.

Loweruka m'mawa nkhuni zinabwera pawilibala, pamutu ndi panjinga. Kalipentala anavula jekete nayamba kuziyala pabwalo, chipika ndi chinzake, akutsatira mmene sowo inadutsira. Anthu ankakangana ngati ana.

"Ici ni ca kumwamba, ba neba, simuona kuchepa?"

"Imwe munabwela tasiliza, muziba chani?"

Pamene panasowa zitatu zotenthedwa zija, mayi wa nsomba anakaima pomwepo mwini wake, manja m'chiuno, kuti atseke mpata. Pofika teni koloko nthambi yonse inali itagona pansi kuchokera pamtengo mpaka pachipata, mvuu ili kutsinde.

Bambo wa tayi atafika anaima pachipata akuyang'ana nthambiyo. Kenako anapinda malaya, ananyamula mvuu ija, anakwera nayo pamakwerero amene mlonda anawatsamiritsa kumtengo. Anaika mbali yothetheka pachilonda cha mtengo, ndipo zinagwirana mano ndi mano. Anakanda penti yoyera ndi chikhadabo, anatsika, anakaiyerekeza ndi ya galimoto. Pamenepo kalipentala anazula malata ake, aliyense akuona, ndipo pansi pake panaoneka dzenje lalitali lopindikira m'kati.

"Madamu," anatero bamboyo akudziletsa kuseka, "pa nchito yanga yonse sininaonepo umboni wa mutu wa mvuu."

"Sindinakuitanireni kuseka, bambo. Ndikufuna mawu aja achotsedwe."

Anandiuza poyera kuti kampani idzalipira chimene nthambi inawononga, koma mabowo a misomali ndi anga. Ndinavomera, chifukwa zinali zoona. Kalipentala anaweramitsa mutu, ndipo ndinam'letsa kupepesa pamaso pa mlendo. Bamboyo analemba lipoti lake patebulo lopinda la m'kalavani, ndi dzanja lokhazikika, anamwanso tiyi makapu awiri. Kalata yachiwiri inafika mwezi usanathe, yonena kuti zimene ndinalemba pafomu zinali zoona, ndi kuti akupepesa.

Dengalo analikonza bambo wokonza maboti a pamtsinje, wodziwa chitsulo chopyapyala. Anadula mbali yopindika, anasintha thabwa la pansi, anaika chitsulo chatsopano ndi timisomali tofinya ndi guluu wa maboti. Mabowo a misomali anawatseka limodzilimodzi, kalipentala akum'patsira zida masiku onse awiri, akung'ung'udza kuti malata ake sanadonthepo.

Amene analipo Loweruka lija ndi awa: ine mwini; kalipentala wopuma pantchito, amene anatisiya; akazi awo; mlonda wa pahotela, amene anabwera asanagone atachoka kuntchito; mayi wogulitsa nsomba zouma ku Maramba, amene ali ku Choma tsopano; wosema ziboliboli, amene anadikira mvuu yake mpaka madzulo; amayi awiri a kwaya yathu, amene sanatenge nkhuni koma anabwera ndi makapu; mkulu wa mpingo wokhala kuseri kwathu, amene anatisiyanso; bambo woona zowonongeka; ndi dalaivala wake, amene anakana kutsika m'galimoto koma tiyi analandira.