Woperekezedwa ndi Mlendo

Mayi Veronika Chadza, amene tinawaika m'manda m'nyengo yachisanu yapitayi, anabadwira kwa Kaphuka m'banja la alimi a kachewere. Sukulu anailekezera panjira, koma katekisimu anamuloweza yense. Anakwatiwa ndi bambo Gervazio, mphunzitsi wa m'tchalitchi, ndipo pa ana amene anabereka, Mulungu anawasiyira mmodzi yekha, Ephraim. Amuna awo atamwalira, mayiwa anapitiriza kusesa tchalitchi Loweruka lililonse, kuchapa nsalu za pa guwa, ndi kulima kachewere kuti mwanayo aphunzire.

Panali mwambo umodzi umene sankauphonya: kuperekeza mlendo. Kaya kunja kuli nkhungu, kaya mwendo ukuwawa, ankamunyamulira katundu mpaka pamphambano. "Mlendo ukapanda kumuperekeza, ndiye kuti wamuthamangitsa," ankatero.

Ephraim anafika ku yunivesite, nachita zaulimi. M'chaka chake chomaliza, mphunzitsi wake anamusankha pamodzi ndi anzake kuti apite nawo kunja kukachita kafukufuku wa chiwawu, matenda ootcha masamba a kachewere. Ulendowo unali wa patchuthi chabe. Tsiku lonyamuka, amayi anzawo a mumphakati wa kutchalitchi anabwera akuimba kuti akamukweze minibasi pa Chimbiya. Mayi Veronika anaima pakhomo, tsache lili m'manja.

"Amake Ephraim, simunyamuka kodi?" anafunsa mnzawo, mayi Magadalena.

"Woperekezedwa ndi mlendo. Uyu ndi mwana wapakhomo, akungokasuzumira kachewere wa azungu. Abwera."

Sanabwere. Kafukufuku uja anabala kafukufuku wina, winayo anabala ntchito, ntchito inabala banja. Mawu ake ankafika pa lamya, mwakamodzikamodzi, ali aulemu ndiponso achangu.

Kenako mphepo inatembenuka. Chaka ndi chaka kukazizira, ophunzira a m'mayunivesite akunja anayamba kubwera ndi aphunzitsi awo kudzayeza dothi lathu ndi kudzatithandiza. Parishi inapempha mayi Veronika kuti aziwasunga. Ana amenewa anali a mtima wabwino, tisawanamizire. Koma ankapaka utoto khoma la sukulu lomwe anzawo anapaka chaka chatha, ankajambulitsa ndi tiana tomwe sanatifunse maina, ndipo pochoka ankalira, n'kulonjeza kubweranso. Mame a Dedza amakhalitsako kusiyana ndi malonjezo amenewo. Mayiwa ankawatenthetsera madzi osamba m'mamawa, msana ukukana, n'kuwaperekeza onse mpaka pamphambano.

"Mukudziphera ana a eni," anatero mayi Magadalena tsiku lina, "wanu akuphikiridwa ndi eni."

"N'chifukwa chake, achemwali. Kumeneko kuli mayi wina amene akutenthetsera wanga madzi. Ine ndichite manyazi?"

Zaka zinapita, tsitsi linayera, maondo anauma, korona yopempherera inasalala m'zala. Ndiye chaka china gulu linafika motsogozedwa ndi mphunzitsi wa imvi m'ndevu. Anali Ephraim. Ophunzira ake anagona kwa amayi ake, iye anakagona ku nyumba ya alendo ku Boma, ati kuti azitha kugwira ntchito pa kompyuta. Chichewa chake chinali chitauma ngati nsapato yosavalidwa. Mayiwa sanadandaule. Ankangomuyang'ana akumasulira mawu awo m'Chingerezi, ngati akumasulira mawu a nkhalamba ina iliyonse.

Tsiku lobwerera, mayi Veronika anatenga ndodo nayenda ndi gululo pang'onopang'ono. Anthu ananong'onezana kuti basi, agonja, mwana uja amusandutsa mlendo. Pamphambano Ephraim anagwada pang'ono.

"Zikomo, amayi, potiperekeza."

"Ndaperekeza ana awa. Iwe sindinakuperekeze, ndipo sindidzakuperekeza. Ukamapita, ukupita wekha."

Ephraim anakwera galimoto, nkhope atailozetsa ku phiri.

Chaka chotsatira mayiwa anagwa m'matenda. Ephraim anabwera, ulendo uno yekha, wopanda ophunzira, wopanda zida zoyezera dothi. Anayala mphasa pafupi ndi bedi lawo. Ankawaza nkhuni ndi manja ake ofewawo mpaka matuza, mayi Magadalena akumuseka kuti nkhwangwa si choko. Madzi amene amayi ake anasamba komaliza anawatenthetsa ndi iye.

Bambo mfumu atawadzoza mafuta a odwala, mayi Veronika anamuitana ndi mawu otsika.

"Wagona kuti lero?"

"Muno, amayi."

"Ndiye mwini khomo ndiwe tsopano. Mlendo ndine. Undiperekeze bwino."

Anapuma mpweya wotsiriza dzuwa litangotuluka, korona ili m'manja, nkhope ili phee ngati ya munthu amene watula mtolo.

Tinawaperekeza ndithu, mudzi wonse, Ephraim atanyamula bokosi kutsogolo. Loweruka lotsatira anthu anamupeza m'tchalitchi akusesa ndi tsache la amayi ake, mosazolowera, fumbi likubwerera pomwe wadutsa. Palibe amene anamufunsa kuti anyamuka liti.

Ambuye, mtumiki wanu anadziwa kudikira pakhomo. Mumuchingamire pa lanu, ndipo ause mumtendere.