Mpango Wakuda wa pa Doko

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anandisenzetsa katundu amene mpaka lero ndimati sanali wa msinkhu wanga. Tinali kutali ndi kwathu ku Woodbridge, m'katawuni kena ka ku Italy kozunguliridwa ndi linga lamiyala, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean.

Ulendowo unali wa amayi. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Arlington, ndipo gogo wina amene ankamusambitsa anabadwira m'katawuni kameneka. Kuchipinda kwake kunali chithunzi cha doko, maboti ndi lingalo, ndipo amayi anachiyang'ana zaka zambiri mpaka chinawalowa m'mutu. Gogoyo atamwalira, amayi anati sangafe asanapondeko. Anagwira mashifiti awiriawiri, kulawirira pa msewu waukulu wa I-95 magalimoto asanathithikane, mpaka tinanyamuka tonse atatu.

M'mawa wa tsiku lomaliza, amayi ali kubafa, foni ya bambo inalira ndipo anatuluka nayo pakhonde. Ine nkhani za akuluakulu sizinkandiphonya, choncho ndinawatsatira mwakachetechete. Ndinawapeza atatsamira chitsulo cha khonde, mutu uli pansi. Atandiona anandikokera pafupi n'kundiuza monong'ona kuti amayi aakulu Esinati atisiya. Awa anali achemwali awo a amayi, amene anawalera ku Dedza makolo awo atamwalira.

"Amayi ako asamvere kuno," anatero bambo. "Ndege ndi yamawa, ina palibe. Akamvere kunyumba, pali anthu. Tenga foni yawo usunge iweyo, mauthenga ayamba kale kulowa."

Ndinawafunsa m'Chingerezi, monga ndinkayankhira chilichonse masiku amenewo, ngati kumeneko sikunali kunama. Anati uthenga wa maliro sauza munthu ali chiimire panjira. Amayamba amukhazika pansi, womugwira ali pambali. Ndinakwiya, chifukwa kusukulu ankatiphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wodziwa zomukhudza. Komanso bambo anasankha mlonda wolakwika. Ndinali wolongolola ine, ndipo chinsinsi m'kamwa mwanga chinkasungunuka ngati shuga m'tiyi.

Foni ya amayi inali patebulo, itadzaza kale ndi mawu akuti pepani. Ndinaizimitsa n'kuiponya m'thumba la kabudula wanga.

Amayi anatuluka kubafa akuimba. Anavala diresi lawo lamaluwa, n'kunena kuti lero tikwera linga mpaka pamwamba, waulesi atsale. Tinadutsa m'tinjira topanikiza kwambiri moti munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Zovala zinali zitayanikidwa pamwamba pa mitu yathu, ndipo kunkamveka fungo la buledi wotentha losakanikirana ndi la nsomba. Ine zonsezi ndinkangoziona ndi maso, mtima uli m'thumba.

Pamwamba panali mizinga yakale yadzimbiri yoloza kunyanja. Pansi pathu doko linkaoneka ndendende ngati pachithunzi chija, asodzi atakhala pamiyala akusoka maukonde. Amayi anaomba m'manja.

"Tadala, bweretsa foni ndijambule, ndiwatumizire achemwali aone kumene mwana wawo wafika."

"Batire yatha, Mami."

"Yatha bwanji, poti inagona pamoto?"

Bambo analowererapo kuti ajambula ndi yawo, ndipo anajambuladi, koma osaipereka m'manja mwa amayi. Ngati mwadala, amayi anayamba kusimba za amayi aakulu: mmene ankawaberekera powoloka mtsinje nthawi ya dzinja popita kusukulu, mmene anawakwapulira tsiku limene anataya sileti. Ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Misozi itandilengeza ndinanamizira mphepo.

Mantha anandisandutsa mwana wabwino. Ndinawanyamulira chikwama, ndinawagwira dzanja potsika masitepe, ndipo atandiitana ndinayankha kuti "wawa", mawu amene anatopa kundiphunzitsa. Masana tinakhala pamalo odyera a padoko. Bambo, amene nsomba ankaiyamwa mpaka mutu, anangoitembenuza m'mbale n'kuisiya. Amayi anawayang'ana, kenako anandiyang'ana ine kwa nthawi yaitali.

"Tadala, wadwala kodi? Ulemu wonsewu waugula kuti?"

Ndinati ndili bwinobwino. Ndinkadikira funso lotsatira, ndipo ndinkadziwa kuti likabwera ndiulula zonse pomwepo, pakati pa alendo ndi mbale zawo. Silinabwere. Kuyambira pamenepo za foni sanazitchulenso, ndipo ine mopusa ndinaganiza kuti ndapambana.

Pafupi ndi chipata cha linga panali kashopu ka mipango. Amayi anatola wachikasu wa maluwa ofiira, n'kunena kuti umenewu ungawakhale achemwali. Bambo anatuluka panja ngati aitanidwa. Amayi anaugwira mpangowo kanthawi, akuusisita ndi chala, kenako anaubwezera pamalo pake n'kutenga wakuda wopanda duwa ngakhale limodzi. Ndinawakumbutsa kuti amayi aakulu zakuda sazikonda. Analipira n'kuupinda bwinobwino m'chikwama chawo cha m'manja.

Dzuwa litapendeka amayi anakakhala kumapeto kwa khoma la doko, pamene mafunde ankamenya miyala. Anafunsa bambo kuti kwathu ku Dedza ndi mbali iti. Bambo analoza kutsidya kwa madzi, ndipo amayi anakhala akuyang'ana kumeneko. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndikupemphera kuti mawa lifike msanga.

M'ndege sindinagone, ndipo amayi akangotembenuka ndinkatseka maso. Titafika ku Woodbridge tinapeza magalimoto atandanda mumsewu wathu wonse. Makiyi tinawasiyira Mayi Tembo, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi wochokera ku Lusaka, kuti azitithirira maluwa, ndipo bambo anali atawatsina khutu. Pakhomo panali nsapato zambirimbiri.

Amayi anaima n'kuziyang'ana nsapatozo. Anatsegula chikwama cha m'manja, anatulutsa mpango wakuda uja, n'kuumanga kumutu mosapupuluma. Kenako anavula nsapato zawo n'kuziika pambali pa zinazo.

M'nyumba mipando inali itakankhidwira kukhoma, azimayi atakhala pansi atavala zitenje. Mayi Tembo anaimirira n'kuwagwira mapewa onse awiri.

"Bwelani amake Tadala, nkhalani pansi."

Mawondo atangogunda pansi, amayi analira kulira kumene sindinakumvepo chibadwire, akuitana achemwali awo ndi dzina. Azimayi anawazungulira, wina atawagwira msana, wina mutu, onse akulira nawo. Ine ndinakhala pamasitepe, foni ikadali m'thumba, ndipo nanenso ndinalira mpaka kumva njala.

Patapita masabata angapo, tikupinda zovala, ndinawafunsa kuti anadziwa liti.

"Padoko paja. Abambo ako kusiya nsomba, iwe kuyankha kuti wawa, ndingalephere kudziwa? Koma ndikanalira pamiyala paja, akanandigwira ndani? Iweyo? Unali utalema kale, mwana wanga."

Nthawi yonse ija ndinkaganiza kuti ndine ndikuwateteza amayi, pamene iwo ndi amene anatinyamula ine ndi bambo, kuchoka padoko, kuwoloka nyanja, mpaka pakhomo pathu. Mkwiyo umene ndinawasungira bambo unatha pang'onopang'ono. Akuluakulu akamati maliro n'kulirana ndinkayesa akunena za kupita kukapepesa ena. Tsopano ndikudziwa kuti ngakhale mwini maliro amatha kuisunga misozi yake mpaka atafika pamene pali manja omugwira.

Lero ndimakhala ku Greenbelt, ndipo uthenga wotere ukafika kwa mmodzi wa ife okhala kuno kutali ndi kumudzi sindiimba foni. Ndimatenga chitenje, ndimayendetsa galimoto, ndipo ndimakavula nsapato pakhomo pake.