Gaga wa M'diso la aNabanda

Ntchito ya pachipatala cha ku Tsangano ndinaipeza chifukwa chodziwa Chipwitikizi basi. Nkhondo inali itatisonkhanitsa tonse pa vila, katauni kathuko, misewu ili ndi mabomba okwirira, ndipo a Domingo, tekiniko wa maso, ankasowa wowamasulira. Anandimva ndikukangana ndi msilikali m'Chipwitikizi pamjigo, nati, "Pakamwa ponseponsepo, bwera mawa."

Anandiphunzitsa kudontheza mankhwala okulitsa mwanadiso, kuunika ndi lanterna, tochi yake, kuyang'ana pa lupa, galasi lokulitsa zinthu, ndi kulemba fisha, khadi la wodwala. Analinso ndi kachitsulo kokhala ndi muvi, koyezera kuuma kwa diso, koma ako sindinkakakhudza. Ambiri ankabwera ndi ng'ala. Dokotala wochotsa ng'ala ankachokera ku Tete ndi koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ndipo tsiku lake palibe ankalidziwa. Ndiye mawu athu anali amodzimodzi ngati nyimbo: dikirani ikhwime.

Tsiku lina a Domingo atagona ndi malungo, kunabwera aNabanda, mayi wa ku Chidzolomondo amene anathawira kwa mwana wawo. Diso lamanzere linafa kale. Lamanjalo ndi limene ankasankhira nyemba ndi kuyenda nalo okha kutchalitchi. Ndinadontheza mankhwala, koma mwanadiso anakula monyinyirika. Pa lupa ndinaona tinthu toyera m'mphepete mwake, ngati gaga. Nsalu yawonso inali mbuu! ndi gaga, poti ankasinjira anthu chimanga kuti apeze chakudya. Ndinawaseka, "Amayi, mwasinjira m'maso momwe?" Ndinatsuka ndi madzi amchere, osachoka. Mzere unali wautali, ine ndikudzimva udokotala. Ndinangolemba ng'ala pa fisha, nkuwauza kuti adikire ikhwime.

Anadikiradi, mayi omvera aja. Mvula inagwa, inatha, kenaka inagwanso. Mfuti zikalira kuphiri tinkabisala, zikaleka tinkasesa chipatala nkumayang'ana kumsewu. Kutuluka kunalibe.

Koluna itafika tinauzidwa kuti dokotala akhala masiku awiri okha. A Domingo ankasankha odwala, ine ndikuitana maina. ANabanda analowa atagwira ndodo, mwana wawo wamkazi akuikoka kutsogolo. Anandizindikira mawu.

"Mwanawe, ndadikira monga unanenera. Yakhwima tsopano?"

A Domingo anawaunika kuchokera kumwamba, pansi, kumanja, kumanzere. "Kuwala kuli kuti, amayi?"

"Mwayatsa kale?"

Lanterna inali chiyakire. A Domingo anaika kachitsulo kaja padiso, muvi sunasunthe nkomwe. Diso linali louma gwa. Anayang'ana pa lupa nthawi yaitali, kenaka anandiitanira panja.

"Tinthu toyerato unationa?"

"Ndinkayesa gaga."

"Gaga alowa bwanji m'kati mwa diso?" Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifotokozera kuti tinthuto timapangika m'diso momwemo mwa okalamba ena. Timatseka njira yotulukira madzi, diso limauma, mtsempha woonera nkumafa mwakachetechete kuseri kwa ng'ala. Timafooketsanso tiulusi togwira galasi la diso, nchifukwa chake dokotala amafuna kudziwiratu. Dzina lake ndi pseudoesfoliação, lalitali ngati msewu wa ku Tete. Madontho otsitsa kuumako analipo mu kabati, nthawi yonseyo, pafupi ndi pamene ndinkakhala.

Kuchotsa ng'alayo kukanakhala kuwavutitsa chabe aNabanda. Ndipo womasulira ndinali ine, ndiye uthengawo unayenera kutuluka pakamwa panga pomwepa. Ndinagwada, ndinawauza zonse, ndi za gaga zomwe. Anasisita ndodo yawo.

"Ndiye ndisadikirenso?"

"Ayi, amayi."

"Chabwino. Kudikirako nkumene kumanditopetsa."

Ndinalira, sindikubisa. Pa vila yotsekeka simungazembane, ndinkakumana nawo tsiku ndi tsiku akukokedwa ndi ndodo, ndipo ankandipatsa moni ndithu.

Ndagwira za maso mpaka imvi izi. Aliyense amene ndimamuphunzitsa ndimamuuza kuti chimene waona osachidziwa, chilembe momwe wachioneramo, ukafunse, ngakhale akuseke. Ndikanangolemba mawu amodzi, gaga, a Domingo akanawaitanitsa aNabanda sabata lomwelo.