Mbalame za Kuseri kwa Mpanda

Pabwalo panga ku Kawale panali potchuka. Amayi opita kumsika ankasuzumira pageti n'kumauzana kuti pamenepa munthu ungayanike ufa pansi osayala mphasa. Ndinakulira ku Ntcheu kwa amayi amene ankakudzutsa ndi tsache kunja kusanayere, ndipo ukasiya tsamba limodzi ankakubweza. Nditakwatiwa n'kubwera m'tauni ndinabwera nalo khalidweli. Ndinkasesa m'mawa, ndinkasesa madzulo, udzu ukangoti mutu tumphu ndinkauzula. Pansi pa mtengo wa gwafa ndi mapapaya awiri a kuseri kwa nyumba panali see, ngati pozira.

Kuseri kwa mpanda wathu wa njerwa kunkakhala mayi wina wamasiye wa ku Rumphi, mphunzitsi wopuma ntchito. Mumzere wathu tonse tinkangowatchula kuti amama, chifukwa iwonso mkazi aliyense ankamutchula amama, mwamuna aliyense adada. Pakhomo pawo panali patchire. Masamba a mango ankagwa n'kuwolera pomwepo, bonongwe ndi chisoso zinkakula mpaka kuchita njere, ndipo mtengo wa mabulosi unkathimbirira pansi ponse. Mpopi wawo unkadontha chaka chonse. Ine ndinkawanyoza, mumtima ndi pakamwa pomwe. Ndinkati sukulu ija inawadyera mutu mpaka kuiwala kagwiridwe ka tsache, ndipo tsiku lina adzatiitanira njoka.

Amuna anga anali dalaivala wa malole, munthu wolongolola kuposa wailesi. Akabwera ku ulendo ankayamba nkhani ali pageti, n'kudzaimaliza ine ndikuwodzera. Kenako anadwala sitiroko. Tinatuluka m'chipatala dzanja lamanja litafooka, mwendo akuchita kukoka, pakamwa patapotoka pang'ono. Zonsezo ndinazilandira. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi chete amene analowa m'nyumba. Ndinkawasambitsa, kuwaveka, kuwaphwanyira chakudya, koma mawu amene ndinkalandira anali oti madzi, ayi, basi. Ndikawafunsa kanthu ankayesa kuyankha, lilime n'kukana, iwo n'kutembenukira kukhoma. Ana athu ali kutali, moti m'nyumbamo tinali awiri, wolankhula ndine ndekha.

A kuchipatala anati aziyenda pang'ono tsiku lililonse. Ankatenga ndodo m'mawa, n'kutuluka pageti pang'onopang'ono, ndipo sankafuna kuperekezedwa. Tsiku lina anachedwa kubwera. Ndinali kuchapa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, pamene ndinamva munthu akuseka. Kusekako ndinkakudziwa, kungoti ndinali ndisanakumve chidwalire iwo. Ndinavundikira ndowa, ndinakwerapo, ndi kusuzumira.

Anali atakhala pa mpando wa nsungwi pansi pa mabulosi, amama ali pambali pa mkeka, miyendo yawo yotupa itatambasulidwa. Onse anali chagada, maso m'mwamba. Amuna anga ankaloza ndi ndodo.

"Pumbwa uyo. Wadyera, ameneyo. Satha kudya... osalongolola."

Mawuwo ankatuluka movutika, limodzilimodzi, koma anali mawu athunthu. Amama anaseka n'kunena kuti ndiye kuti mbalameyo ndi m'bale wawo wa adada. Ine ndinatsika pandowa manja ali thovu lokhalokha, ndipo zochapazo ndinazimaliza ndi ukali woti malaya amodzi anathothoka mabatani.

Ndinachita nsanje. Sindikunena za nsanje ya chibwenzi, chifukwa amama anali aakulu kwa ine, oyenda chogwira khoma, ndipo amuna anga panthawiyo batani lokha linkawakanika. Ikanakhala ya chibwenzi bwenzi zili bwino, ndikanadziwa pokadandaula, ankhoswe alipo. Koma ukauza ndani kuti mwamuna wanga amakaseka kwa aneba? Ine wochapa zofunda, ine wodzuka kukawagwira popita kuchimbudzi, ndinkalandira ayi ndi basi. Munthu wosasesa pakhomo ndiye ankalandira nkhani.

Madzulo ake ndinawafunsa mwaulemu kuti anakaona chiyani koyenda. Anangoti mbalame, n'kupitiriza kutafuna. Ndiye ndinasanduka kazitape wa pandowa. M'mawa uliwonse iwo akangotuluka, ine kuseri. Kumeneko ndi kumene ndinamva zinthu zimene sanandiuzepo chikwatirane: kuti ali mwana, poweta ng'ombe kumudzi, ankadziwa chisa cha mbalame iliyonse m'dambo, kuti tchete wamwamuna ndi amene amaluka chisa, wamkazi akachikana iye amaphwasula n'kuyambanso, kuti analeka kugwira legeni tsiku limene anapha njiwa yosiya ana. Nkhani imodzi inkatenga m'mawa wonse. Amama sankawathandiza kumaliza mawu ngati mmene ndinkachitira ine. Ankangodikira, maso ali mumtengo, ndipo nazonso zinkandipsetsa mtima chifukwa ndinaona kuti njira yawoyo ikugwira.

Posuzumira choncho, mbalamezo ndinayamba kuzidziwa osafuna. Apumbwa ankabwera awiriawiri, timitu takuda, pansi pa mchira pachikasu. Aphwiti, tating'ono tobiriwira pamimba ngati thambo, tinkatola njere pansi tili gulu. Timba ankadumphadumpha mu udzu mchira uli m'mwamba. Panalinso gulo wa mutu wabuluu amene ankagwedeza mutu pa tsinde la mango, ndi kanungu wokhala pansi pa mulu wa nkhuni. Zonsezi zinali kuseri kwa njerwa imodzi. Kwathu kunkangodutsa mithunzi yake.

Ndinatsimikiza mtima kuti ndizilanda. Ndinamwaza madeya pakati pa bwalo langa loyeralo. Kunabwera nkhuku za mzere wonse, kenako makhwangwala, amene anamaliza madeya n'kunyamulanso sopo pa mwala wochapira. Ndinagula beseni latsopano lonyezimira, ndinadzaza madzi, ndinaliika poonekera. Palibe mbalame inateramo, koma galu wa anthu ena anakondwa. Amuna anga ankadutsa pambali pa zonsezi ndi ndodo yawo, ulendo wa kwa amama.

Ndinabwerera pandowa kukaonetsetsa, ndipo chimene ndinaona chinandiwawa. Mbalame zija zinkapalasa pansi pa masamba owola kufuna tizilombo. Zinkadya njere za bonongwe wokhwima uja ndinkamunyoza. Zinkasamba m'phale la mphika wosweka pansi pa mpopi, madzi ake osafika n'chala chomwe, ndipo zikadzidzimuka zinkathawira m'zitsamba pafupi pomwepo. Zinkatsata uve wa amama. Pabwalo panga panalibe chodya ngakhale pobisala.

Ndinaleka kusesa kuseri kwa nyumba. Munthu amene sanakule ngati ine sangamvetse kuti chinali chinthu chovuta bwanji. M'mawa manja ankayabwa. Ndinkasesa kutsogolo kokha, ndikafika pa ngodya ya nyumba n'kubwerera ngati ndaona malire a munda wa eni. Masamba a gwafa anayamba kuunjikana. Madzi otsukira mbale ndinkathira pamenepo, ndipo ngakhale kunali chilimwe, bonongwe ndi chisoso zinamera, ine n'kumaziyang'ana zikupitirira msinkhu wothyola. Poyamba kunabwera abuluzi. Kenako nanzikambe anakhazikika mu gwafa. M'mawa wina ndinaona timba mmodzi akupalasa masamba, ndipo mtima unagunda ngati ndaba. Amuna anga sindinawauze. Ndinkafuna zichuluke kaye, kuti tsiku lina ndidzangowaikira mpando.

Ndi nthawi imeneyo pamene amayi a kumpingo kwathu anabwera kudzazonda matenda. Anafika atavala zoyera, tinayala mikeka, tinaimba, tinapemphera. Amuna anga anakhala pakati ali zii. Titamaliza, mmodzi anapempha kopita kuseri, ndipo pobwera ananong'oneza amayi abusa. Ndinaona akuyang'anana mwachisoni. Posakhalitsa onse anali atamanga zitenje pamwamba pa yunifolomu, wina wagwira tsache, wina khasu, wina wapita kukabwereka chikwakwa.

Ndinati zisiyeni, ndisesa ndekha. Iwo anamva ngati ulemu chabe, poti kwathu wodwazika matenda amakana choncho, ozonda n'kumagwirabe ntchito.

"Khalani pansi, amayi," anatero amayi abusa atandigwira phewa. "Tonse tikukudziwani mmene mumasamalira pakhomo. Kufika pamenepa ndiye kuti mwatopa zedi. Ife tinachedwa kubwera, mutikhululukire."

Ndikanati chiyani? Kuti zinyalalazo ndikuweta? Kuti ndikulimbirana mwamuna wanga ndi mayi wamasiye wa maondo otupa, ndipo chida changa ndi masamba owola? Mawa lake Kawale yense akanamva kuti matenda a bambo aja awazunguza mutu amayi. Ndinakhala pansi. Anasesa akuimba, anazula bonongwe yense, anapala mpaka dothi lofiira linaoneka, n'kuyatsa moto pakona. Atapeza nanzikambe uja anakuwa, wina n'kumutola ndi mtengo kumuponyera kuseri kwa mpanda. Nayenso anapita kwa amama. Ine ndinawaphikira tiyi, ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndikuthokoza aliyense ndi manja awiri. Nditabwerera ndinakhala pa mwala wochapira n'kulira, utsi ukundilowa m'maso.

M'mawa mwake ndinamva kuitana kuseri kwa mpanda. Anali amama. Ndinakwera pandowa, ulendo uno poyera, ndipo ndinawapeza ataima pafupi, atatsamira thumba lodzaza.

"Ndinaona utsi dzulo, amama. Pepani chomene."

Ndinayankha mouma kuti anzanga anandithandiza ntchito, palibe chopepesa.

"Mutu wanu ndimauona pampandapa m'mawa uliwonse," anatero. "Duku lofiira lija limaonekera patali. Landirani masamba awa, ndi owola kale, muli tizilombo tambiri. Phale lina ndi ili. Papaya mmodzi muzimusiya apsere mumtengo."

Manyazi amene ndinachita sindinawaonepo. Ndinkafuna kuwauza kuti zinyalala zawo asunge, ine si dzala. Ndinafuna kuwafunsanso kuti ngati ankandiona masiku onsewo, bwanji sanandiitane. Koma anali atayamba kale kukankha thumba lija pamwamba pa mpanda, ndipo ndikanapanda kuligwira likanawagwera. Ndinalikoka. Ine, mwana wa amayi anga, ndinalandira thumba la zinyalala za aneba n'kukazimwaza pabwalo panga ndi manja anga. Zikomo wake anatuluka ngati akuchita kundizula dzino.

Pampata wopita kuseri ndinatsekapo ndi lata lakale kuti alendo asamaoneko. Mvula yoyamba itagwa, zonse zinamera mwakamodzi, zina zochokera m'thumba lija zimene sindinkazidziwa n'komwe. Ngumbi zitatuluka, anamzeze anadzaza m'mwamba. Papaya mmodzi ndinamusiya, anapsa mpaka kufewa, ine ndikumeza malovu. Amuna anga anali akupitabe kwa amama m'mawa uliwonse, ndipo ine ndinali ndikupsabe mtima m'mawa uliwonse.

Tsiku lake linali wamba. Kunacha kutagwa mvula, ndipo popita kukataya madzi ndinapeza apumbwa awiri atabowola papaya uja, mitu ili m'kati. Pansi aphwiti anali mbwee, ena akusamba m'phale. Ndinabwerera chonyang'ama. Amuna anga anali pakhonde, ndodo ili kale m'manja. Ndinawayandikira. Ndinanyamula mpando wawo, ndinawagwira mkono wabwinowo, n'kuwatembenuzira kuseri. Anakana pang'ono, kenako anatsatira.

Anakhala pansi. Anayang'ana papaya, anayang'ana phale, anayang'ana udzu wofika m'maondo pamene kale panali poyanika ufa. Ndinaona pakamwa pawo pakugwedera, mawu akubwera. Ndinadziletsa kuwathandiza. Ndinaluma mlomo n'kudikira monga ndinaonera kwa eni ake, mtima uli m'mwamba, chifukwa mawu amenewo ndinali nditawagwirira ntchito.

"Kawaitaneni... amama. Adzaone."

Ndinaima kanthawi. Ndikanatha kufika pageti, kubwerera, n'kunena kuti atuluka. Ndinaganizadi zimenezo. Koma nkhope yawo inali itawala ngati ya munthu wobwera ku ulendo ndi nkhani, ndipo ndinapita. Ndinawagwira dzanja amama kuwolotsa ngalande, ndinawayalira mkeka wanga watsopano, ine n'kuima kumbuyo kwawo ngati wantchito.

Anaonera limodzi. Pumbwa mmodzi anatulutsa mutu m'papaya, mlomo uli psuu, n'kuyamba phokoso lake. Amuna anga anaseka, anakweza ndodo, ndipo ananena mawu ataliatali kuposa onse amene ananenapo pakhomo pathu chidwalire.

"Mwaona? Izi... si zanu ayi. Izi ndi za akazi anga. Aziitana okha."

Amama anavomera kuti inde, adada, ndi zawo. Ine misozi inalengeza, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti inali ya chimwemwe kapena ya ukali. Mawuwo ankanena za ine, ndipo anali okoma kuposa onse amene ndinawayembekezera. Koma powanena, nkhope yawo inali italoza kwa amama.