Ndondocha ya a Nabanda

Mukafika kwa Mauwa n'kufunsa nyumba ya telala wachizimayi, mudzaona anthu akukodolana. Wina adzakulozerani ndi mlomo kanyumba ka kuseri kwa nthochi, kenako n'kukunong'onezani kuti, "Koma musakalole kuti akuyezeni." Akuti a Phoebe Nabanda amasunga ndondocha kuchipinda. Akuti anapha mwana wawo mmodzi yekhayo, anamudula mutu, ndipo ndi amene amawapukusira makina osokera. Ena amachita kulumbira kuti anaiona ndi maso awo. Pamenepo sanama kwenikweni, poti chithunzi chake chinakhala pakhoma la sitolo masabata atatu athunthu, aliyense n'kudzionera mwaulere.

Chodabwitsa n'chakuti ndondocha za eni ake timamva kuti zimalemeretsa. Iyi yokha ndi yaulesi, chifukwa denga la a Nabanda likudontha mpaka lero. Nkhani yeniyeni ndi iyi, ngakhale siyikoma pakamwa ngati inayo.

A Phoebe anaphunzira kusoka ali mtsikana, ku kalasi ya amayi ku Mbombwe. Dzanja lawo linali labwino: msoko wowongoka, mabatani osathothoka, ndipo ankaluka madoilo oti ngakhale tebulo lopendekeka linkaoneka la kwa aphunzitsi. Anakwatiwa ndi a Simoni Kalinde, khuki wa mzungu wina ku Bulawayo. A Simoni anali mkamwini wa patchuthi. Ankabwera kamodzi pa zaka ziwiri, kugwira khasu masiku atatu, n'kuyamba kudandaula msana. Komabe ulendo wina anabweretsa makina opukusa ndi dzanja, ulendo winawo n'kusiya mimba. Mwanayo anabadwa wamkazi, dzina lake Chisoni. Amene anatchula dzinalo ankaona patali.

M'chaka cha 1967, Chisoni ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, a Simoni anabwera ndi nkhani yoti mwana apite nawo akaphunzire sukulu ya kutauni. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, bambo sangangomunyamula ngati nkhuku. Mawu omaliza anali a Andrea, mlongo wawo wa a Phoebe, mwini mbumba. Lolemba a Andrea anakana kwamtuwagalu. Lachitatu alamu awo anawapatsa chijasi chakuda chofika m'miyendo. Lachinayi a Andrea anadzuka atazindikira kuti maphunziro ndi chinthu chofunika kwambiri. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, koma chijasicho anapita nacho mpaka kudimba.

A Phoebe anasokera mwana wawo diresi la buluu la kolala yoyera, n'kumuperekeza mpaka ku Limbe. Kalata yoyamba inabwera itanena kuti afika bwino. Yachiwiri inati Chisoni wayamba sukulu. Yachitatu ikuyembekezekabe. A Simoni anatchona, ndipo zinamveka kuti apeza mkazi wa konko.

Tsono pafupi ndi a Nabanda pankakhala a Zuwena, amene mwana wawo Rabia anabadwa sabata limodzi ndi Chisoni, mzamba wake mmodzimodzi. Chaka chilichonse akatha kukolola, a Nabanda ankaitana Rabia, kumupatsa chitumbuwa chotentha, n'kumuzunguliza tepi: mapewa, chifuwa, chiuno, mpaka m'mawondo. Akatero ankadula nsalu n'kusoka diresi. Diresilo silinali la Rabia.

"Anzanga," anatero a Zuwena tsiku lina ataima pakhonde, "mwana wangayu mumangomuyeza chaka ndi chaka ngati munda wa mlandu. Nanga chovala chake chili kuti?"

"Ndi cha Chisoni," anayankha a Nabanda, mapini ali kukamwa. "Akabwera asadzapeze kuti amake analibe chomukonzera."

"Nanga ngati uko wanenepa?"

"Kunenepa ndi za bambo ake? Ukhuki ndi wa kwa mzungu. Dzanja lawo la panyumba ndikulidziwa ine."

Anaseka onse awiri, a Zuwena n'kutenga zitumbuwa ziwiri za mlandu.

Vuto linali lakuti telala weniweni sakhutira asanaone chovala chili pathupi, ndipo kumuveka Rabia diresi n'kumuvulanso kukanakhala nkhanza. Ndiye a Nabanda anatenga chiguduli, anachisoka ngati thunthu la munthu, anachidzaza makoko a chimanga n'kuchiimika pa nsungwi kuchipinda. Miyendo chinalibe, mutu chinalibe, poti diresi silivalidwa kumutu. Rabia akakula, nacho chinkakula. A Nabanda ankamasula msoko, kuonjezera makoko m'chiuno, chaka china m'chifuwa. Lamulo litabwera loti madiresi azibisa mawondo, anamasula mpendero wa la chaka chimenecho n'kulitalikitsa, kuopa kuti mwana wawo angadzatsike basi n'kugwidwa tsiku lomwelo. Madiresi akale ankawapinda m'bokosi lachitsulo, n'kumawayanika kawiri pachaka chifukwa cha njenjete.

Rabia atakwatiwa n'kutenga pakati, a Nabanda anamuyeza komaliza, anayang'ana tepi nthawi yaitali, n'kuipinda.

"Za mimba sindingamusankhire mwana wanga," anatero. Kuyambira pamenepo ankasoka ndi muyezo wakale.

Nkhondo ya ku Rhodesia itatha, matchona ena anayamba kubwerera kwawo, ena ndi njinga ndi wailesi, ena ndi chifuwa chokha. Aliyense akafika, a Nabanda ankamupitira ndi kambale ka zitumbuwa. Ambiri ankadya n'kunena kuti Bulawayo ndi wamkulu. Koma mkulu wina, a Mathero, anasiya kutafuna atamva dzina la Kalinde.

"Simoni khuki? Ndinamuona, papita zaka zinayi kapena zisanu. Anali ndi mtsikana wamtali, wolankhula Chindebele chokhachokha."

"Wamtali bwanji? Ngati pati?"

A Mathero anaimika dzanja m'mwamba, n'kulitsitsa, n'kulikwezanso. "Mayi, ine sindinatenge tepi. Koma ndinamufunsa kuti kodi amako kumudzi umawalembera. Anati amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anatero bambo ake."

A Nabanda anafika kunyumba n'kukhala pamkeka mpaka nkhuku zinalowa zokha. Zaka zonsezo ankaganiza kuti mwana akuchedwa. Tsopano anadziwa kuti sakubwera n'komwe, poti kumanda munthu sathamangirako. Kalata akanalemba, koma a Simoni akanati yalembedwa ndi achibale ofuna thandizo. Chofunika chinali chinthu choti Chisoni aone yekha kuti amake ali moyo, akupuma, ndiponso sanamuiwale. Anaganiza za chithunzi.

Wojambula wa dera lathu anali Che Lajabu, amene ankayenda panjinga kamera ili m'khosi. Ankajambula maukwati, ana a sukulu, ndi anyamata ogwira wailesi zobwereka. Filimu ikadzaza ankapita nayo ku Limbe kukatsukitsa. Tsiku limene anafika kwa a Nabanda anapeza chingwe chitamangidwa kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pakhonde, madiresi akale khumi ndi atatu ali ndandanda, kuyambira kakang'ono mpaka la munthu wamkulu. Kenako mayiwo anatuluka atakumbatira chiguduli chija, chitavala diresi latsopano la maluwa ofiira.

"Amayi, mlendoyu ndi ndani?" anafunsa Che Lajabu.

"Ndi Chisoni. Aone kuti likukhala bwanji pathupi."

"Ndiye timuikeko kanthu pamwambapa. Kaya chipanda, tichimange mpango. Chonchi anthu angathawe."

"Ayi, Che Lajabu. Mutu ndi wake, abwera nawo yekha."

"Chabwino. Sekani pang'ono."

"Ndiseke chiyani? Jambulani."

Anaima chilili, dzanja lili paphewa la chigudulicho, maso ali tong'o pa kamera ngati akuyang'ana munthu amene ali kutsidya kwa mtsinje.

Chithunzicho chinatuluka bwino kuposa zonse zimene Che Lajabu anajambulapo. Kuwala kunagwa bwino, maluwa a diresi ankachita kuwerengeka. Anatsukitsa ziwiri. China anapatsa mwini wake, amene anachiika mu envulopu pamodzi ndi kalata, n'kukopera keyala ya pa kalata yachiwiri ija ya 1967. Chinacho Che Lajabu anachita nacho zimene ankachita ndi chithunzi chilichonse chokongola: anachikhoma pa bolodi lake pakhoma la sitolo, kuti odutsa aone luso lake. Anachiika pakati penipeni, pamwamba pa mkwati wa kwa Likoswe.

Pofika masana pasitolo panali ngati pamsonkhano. Anthu ankaona mayi wosaseka atagwira mtsikana wopanda mutu. Wina anawerenga madiresi, anapeza khumi ndi anayi. Wina anawerenga zaka zimene Chisoni sanaoneke, anapezanso khumi ndi zinayi. Kwathu kuno masamu amativuta kusukulu kokha. Wina anafunsa kuti ndani anamuona mwanayo akukwera sitima. Panalibe. Kenako wina anakumbukira kuti Rabia, amene ankayezedwa chaka ndi chaka popanda kusokeredwa kanthu, mimba yake yoyamba ija anapita padera. Pamenepo nkhani inapsa.

A Zuwena anangosiya kudutsa njira ya pakhonde, n'kumazungulira kuseri kwa nthochi ngakhale kuli matope. Amayi anayamba kutumiza amuna awo kukatenga nsalu zimene anasiya, zina zitadulidwa kale. Mayunifolomu a sukulu anapita kwa telala wa pa sitolo, bambo amene ankasoka dzanja lina lalitali lina lalifupi, koma anthu ankati bola kupendekeka kusiyana n'kuyezedwa. Zitumbuwa zimene a Nabanda ankagulitsa zinkabwerera m'beseni mmene zinapitira. A Andrea ankadziwa zonse, poti ndi amene analola ulendo uja. Koma kuti afotokoze bwinobwino akanafika pa chijasi, ndiye anthu akawafunsa ankangoti, "Za akazi n'zovuta."

A Nabanda anayesa kamodzi. Lamulungu lina anthu akuchokera kutchalitchi, anatulutsa chigudulicho pabwalo, anatenga lumo n'kutumbula msoko wa pamimba. Makoko a chimanga anakhuthukira pansi, nkhuku n'kuthamangira.

"Bwerani mugwire," anatero. "Ndi makoko awa."

Palibe anasendera. Mayi wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti, "Masana zimasanduka choncho."

A Nabanda anatola makokowo limodzilimodzi, anawabwezera, n'kusokanso. Za anthu anazisiya. Chimene ankadikira chinali yankho la ku Bulawayo. Makalata a m'mudzi ankafikira pa sitolo, ndipo Lachisanu lililonse ankapita kukaima pakhomo, ogula n'kumawapatukira ngati ngolo. Mwini sitolo ankangopukusa mutu asanafunsidwe. Mvula inagwa, chimanga chinacha, nandolo anachita maluwa. Makina aja anayamba dzimbiri pa chogwirira, poti ntchito imene inatsala inali zigamba za mwini wake.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, Che Lajabu anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango. Chithunzi chija anali atachichotsa kalekale pa bolodi, koma pakhomopo anali asanapondeponso. Anapeza a Nabanda akusonkhezera moto pa mphika wa kalongonda, nyemba zimene zimafuna tsiku lathunthu ndi munthu wopanda kopita.

"Odi, amayi."

"Lowani, Che Lajabu. Mwabwera kudzajambula mfiti?"

Che Lajabu anakhala pa chitsa, anavula chipewa, n'kutulutsa envulopu m'thumba la malaya. "Yafika dzulo. A sitolo amaopa kukupatsani okha."

A Nabanda anapukuta manja pa chitenje n'kuilandira. Anazindikira zolemba zawo zomwe. Envulopuyo inali yakuda ndi manja a anthu, zidindo zitatu pamwamba, keyala itakhwatchidwa ndi cholembera chofiira. Kukamwa kwake kunali komata monga anamatira okha.

"Apa alemba chiyani?"

"Akuti munthuyo sakudziwika pamalopo. Mwina mzungu uja anachoka nthawi ya nkhondo. Ambiri anachoka."

"Ndiye sanachione."

"Sanachione, amayi."

A Nabanda anang'amba envulopuyo n'kutulutsa chithunzi. Anachiyang'ana atachitalikitsa, poti maso anali atayamba kuchita nkhungu.

"Chapita ku Bulawayo n'kubwerako," anatero. "Chaposa ine."

Che Lajabu anazunguza chipewa m'manja. "Ine ndinalakwa, amayi. Ndinangoona kuti chatuluka bwino. Ndayesa kuwauza anthu kuti ndinachigwira ndi manja anga, ndi chiguduli, koma akuti munandidyetsa zitumbuwa. Tingathe kujambula china, muli nokha. Titumize kwina."

"Kuti?"

Che Lajabu anayang'ana njinga yake. Mphika unkabwata. A Nabanda anavundukula, anatsira madzi ena, n'kuvundikiranso.

"Chaka chino musokanso?" anafunsa Che Lajabu.

"Nsalu ndinagula kale. Ndiitaye?"

"Koma amayi, bwanji osachitentha chinthucho, anthu aone utsi? Mwina angasiye. Panopa ngakhale ana akuimba kuti kwa a Nabanda kuli ndondocha."

A Nabanda anaika chithunzi chija pa mwendo, anasuntha chikuni, n'kumuyang'ana.

"Kawauzeni kuti ndikanakhala ndi ndondocha sindikanaipatsa makina ayi. Bwenzi nditaituma ku Bulawayo kalekale."