Manda Amene Amuna Sanawawerenge

Msewu waukulu wochokera kumwera kwa dziko lino, umene umadzera ku Ntcheu ndi ku Dedza n'kutsetserekera ku Linthipe, ku Lilongwe mpaka kumalire a kumpoto, umadutsa pafupi ndi khomo limene ndinabadwira. Pamapu amaulemba ndi chilembo chimodzi ndi nambala imodzi. Kwathu timangoti kutala. Mbiri yake ndinaiphunzira m'kalasi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti ndikuidziwa. Poyamba inali njira ya amtengatenga osenza katundu pamutu. Kenako unakhala msewu wafumbi wolambulidwa ndi makasu, wokhotakhota potsata zitunda ndi kupewa madambo. Pomaliza kunabwera oyeza malo ndi zikhomo zawo, nauwongola, nauthira phula. Zonsezi n'zoona. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pansi pa phulalo, kumanja kwa munthu wopita ku Lilongwe, pagona mlongo wanga.

Anandiuza ndi mayi anga, chaka chimene ng'ala inayamba kuwaphimba maso. Ndinali nditabwera kudzawaona kuchokera kutauni kumene ndimaphunzitsa. M'mawa wina wozizira, chifunga chisanachoke paphiri la Chongoni, anati ndiwaperekeze kutala. Ndinayesa akukacheza ndi anzawo ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu. Koma titafika pa kalavati, pamene madzi a m'dambo amadutsa pansi pa msewuwo, anaima nandigwira dzanja.

"Yambira pano," anatero. "Uziwerenga mapazi ako, ine ndiziwerenga anga."

"Tikuyeza chiyani, amayi?"

"Masukulu onse aja sanakuphunzitse kuti uyambe wawerenga, kufunsa pambuyo?"

Tinayenda m'mphepete mwa phula, molunjika ku Linthipe. Thiraki yonyamula mafuta inatipitirira, mphepo yake n'kuwakupizira chitenje, koma iwo sanasokoneze chiwerengero. Ataima anandifunsa kuti ndapeza angati. Ndinati makumi atatu ndi anayi.

"Anga akwana makumi asanu ndi awiri. Ndili mtsikana ankakwana makumi anayi. Msewu sunatalike ayi, ndikufupika ndine. N'chifukwa chake ndati chiwerengerochi ndichisiye m'miyendo ya munthu wina, yangayi isanayambe kunama."

Tinakhala pansi pamzere wa munda wa chimanga chouma, ndipo anafotokoza. Mwana wawo woyamba, ine ndisanabadwe, anali wamkazi, ndipo anabadwa atamwalira kale. Mwana wotere kwathu amatchedwa mtayo. Belu la kutchalitchi silimulirira. Adzukulu samukumbira manda, amuna sapitako, ndipo palibe wololedwa kulira. Amayi achikulire amamunyamula okha nakamuika m'mphepete mwa manda, m'dzenje losazama, pakuti amati likazama mayi wake sadzaberekanso. Saikapo mtanda, saunjikapo dothi. Mayi anga eniake sanaloledwe kupitako. Amene anawalozera malowo ndi mayi awo, patapita milungu ingapo, akupita kunkhuni. Anangoima pang'ono pafupi ndi mtengo wa msuku, nayang'ana pansi, napitirira.

Patatha zaka ziwiri zikhomo za oyeza malo zinadutsa m'mphepete mwa manda omwewo. Eni ntchito anachita zimene ankayenera kuchita: anapempha mudzi kuti uwaonetse manda onse okhudzidwa, kuti asamutsidwire kumtunda. Amuna anapita nawerenga. Manda alionse okhala ndi mtanda, mulu wa dothi kapena phale la mphika anafukulidwa mwaulemu, ndi mapemphero omwe. Ndaisinkhasinkha nkhaniyi kambirimbiri, ndipo sindipezamo wachinyengo kapena wamphwayi. Ofunsa anafunsa amuna, chifukwa za kumanda ndi za amuna. Amuna anayankha zonse zimene ankadziwa. Akazi, amene ankadziwa zotsalazo, anali atakhala pansi chapatali, ndipo mwambo sunkawalola kutchula mtayo pabwalo.

Bambo anga, amene tsopano anatisiya, analembedwa ntchito yamanja pamsewuwo. Mayi ankawapititsira chakudya masana alionse, ndipo ankaona ntchito ikuyandikira mtengo wa msuku uja. Kalavati inali itamangidwa kale. Kutatsala tsiku limodzi kuti mtengowo ugwetsedwe, anayenda kuchokera pa kalavati kukafika patsinde pake, mbale ili pamutu, akuwerenga chamumtima.

"Bambo ako anathirapo miyala ndi wilibala, akuimba," anatero.

"Simunawauze?"

"Ndikanawauza akanatani? Akanasiya ntchito? Malata amene unakulira pansi pakewa anachokera pomwepa."

Ndinafunsa chimene ankafuna kuti ndichite. Anaseka pang'ono, nati ndisaope, sakundituma kuti ndikumbe msewu wa boma.

"Onse amene anamunyamula anapita. Ine ndikatseka maso, pano padzangokhala tala. Nkhanizi timauza ana aakazi, koma wamkazi wangayo ndi amene ali apayu. Ndiye ndauza iwe, wandevu. Mwanayu sanaliridwe ndi munthu ngakhale mmodzi, ine ndemwe anandiletsa."

Sindine munthu wokhulupirira kuti akufa amayendayenda m'misewu. Komabe kuyambira tsiku limenelo, minibasi ikangodutsa pa kalavati ija, ndimapezeka nditakweza mapazi pang'ono, ngati munthu woopa kuponda chinthu. Ndimaganizanso za utali wonse wa msewuwu, ndi manda onse amene unawakhudza m'mphepete pouwongola, ndi akazi amene anakhala chete m'midzi ina monga anachitira akwathu. Chiwerengero cha ana amenewo sichili m'buku lililonse, ndipo sindiyerekeza kuchipeka.

Mayi anamwalira mvula itangoyamba, chaka chotsatira. Kwathu maliro akagwa pafupi ndi msewu, amathyola nthambi zamasamba aawisi n'kuziyala pamsewupo mbali zonse ziwiri. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika n'kumakankha, wachipewa amavula. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinapeza nthambi zitayalidwa kale, ina kumwera kwa njira yolowera kwathu, ina pa kalavati penipeni. Malo a mlongo wanga anali atatsala kunja kwa nthambizo.

Ndinatola nthambi ya pa kalavatiyo. Ndinayenda nayo mapazi makumi atatu ndi anayi, ndinawonjeza asanu kuti malowo akhale m'kati, ndipo ndinaiyala pamenepo.

Malume anga, mchimwene wa mayi, amene ankayendetsa mwambo wonse, anandiona nandilondola.

"Aphunzitsi, maliro ali kuno, masamba mukupita nawo ku Lilongwe?"

Ndinangoti ndapempha masambawo akhale pomwepo. Iwo anawerama kuti aitole nthambiyo. Pamenepo mayi anga aang'ono, mng'ono wa malemuwo, amene ankadutsa ndi ndowa ya madzi, anatula ndowayo pansi.

"Asiyeni, achimwene. Masambawo ali pamalo pake."

Malume anawayang'ana, nandiyang'ananso ine, kenako anabwerera kusiwa osafunsa. Mpaka lero sindidziwa kuti mayi aang'onowo ankadziwa zochuluka bwanji, kapena anauzidwa ndi yani. Sindinawafunse.

Manda atsopano ali tsidya lina la msewu, choncho bokosi linayenera kuwoloka. Njira yachidule imawolokera pa kalavati, ndipo amuna onyamula bokosi anadzera pomwepo. Koma amayi a nyimbo, motsogozedwa ndi mayi aang'ono aja, anapitirira m'mphepete mwa phula mpaka pafupi ndi nthambi yanga. Atafika pamenepo nyimbo inaduka, ndipo analira. Amuna tsidya lija anaima ndi bokosi paphewa, kudikira, akuyesa kuti akulirira mayi anga okha.

Thiraki yochokera kumpoto, yokhala ndi nambala za dziko lina, inafika pa nthambiyo nichepetsa liwiro mpaka kuyenda ngati ngolo. Dalaivala wake, amene sankadziwa aliyense wa ife, anavula kapusi naiika pachifuwa. Matayala ake anadutsa pamalopo pang'onopang'ono, limodzi ndi limodzi, ine ndikuwawerenga.