Mkamwini wa mu Shopu ya Amalume

Batani lija linali lofiira ngati tomato wa pamsewu, ndipo linali pa puleni yamagetsi yopalira matabwa imene amalume anabwera nayo chaka chimene magetsi anafika kuseri kwa msika wa Chimbiya. Ana onse a pamalopo ankalilakalaka. Amalume anandilola ine ndekha kulidina atagwira dzanja langa, ndipo makina atangolira ndinathawa n'kukabisala kumbuyo kwa amayi. Komabe sabata imeneyo panalibe mwana woyenda monyada kusukulu kuposa ine.

Amalume anali kalipentala, achimwene awo a amayi. Bambo atamwalira, anatitenga ine ndi amayi n'kutipatsa chipinda cha kuseri kwa shopu yawo. Pakati pa ife ndi matabwa panali khoma losafika kudenga. Makina anabwera atatu: puleni ija, ena osalazira matabwa, ndi sowo yozungulira yachikasu. Sowoyo ndiye inkaitana anthu. Thabwa la paini limene amalume ankalimbana nalo thukuta lili kamukamu, iyo inkangolidutsa ngati mpeni pa papaya. Anthu a m'minibasi ankatsika kudzaonerera, ena mpaka kondakitala kuwakalipira. Fungo la paini wongodulidwa kumene, lofunda pang'ono, ndimalimvabe m'mphuno mpaka lero.

Koma utuchi wake unali wamtundu wina. Puleni yamanja inkagwetsa timapepala ta matabwa topiringizika, tomwe amayi ankakolezera moto. Makina atsopanowa ankatulutsa fumbi losalala ngati ufa woyera, ndipo silinkagwa pansi msanga. Linkadumpha khoma lija n'kutera pa bulangeti, m'mbale, pa yunifolomu yanga, ngakhale m'tiyi.

Inali nyengo ya chisanu, ija ya ku Dedza kuno imene chifunga chimagona m'phiri mpaka dzuwa kukwera. Ine ndinabadwa ndi mphumu, koma chaka chimenecho chifuwa changa chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Amayi anachita zimene mayi aliyense wa kwathu akanachita. Ankawaza madzi mu shopu asanasese, monga timachitira pabwalo, mpaka matabwa ena anapindika ndipo amalume anakalipa chifukwa cha nthambo za magetsi. Anapachika zitenje pamwamba pa khoma. Anandifukiza masamba a bulugamu nditafunda bulangeti, misozi ndi mamina zili chuchuchu. Amalume ankangoti anthu a kuchigayo amayera mutu tsiku lonse koma sakufa. Lero ndikudziwa kuti mawuwo ankadzilimbitsa nawo mtima okha, chifukwa nawonso ankandimva ndikutsokomola kuseri kwa khomalo.

Tsiku lina m'kalasi ndinalephera kumaliza chiganizo chimene ndinkawerenga. Mpweya unandithera pakati. Aphunzitsi anandisasa m'mutu, naona zala zawo zitayera. Titaweruka anandiperekeza kunyumba. Sanayankhule zambiri. Anaimiritsa amalume pafupi ndi zenera pamene dzuwa linkalowera, n'kuwaonetsa fumbi likuyandama m'kuwalako makina atazima kalekale. Anawauza kuti limene amayi amasesa si loopsa, loopsa ndi losaseseka limenelo.

Amayi ndi munthu wosazengereza. Madzulo omwewo ananena kuti sukulu ikatsekera ndipita kukakhala ndi azakhali, alongo awo a bambo, ku Kasina. Amayiwo sakanandilondola, chifukwa tinkadya za mbatata zimene ankagulitsa pamsewu. Anatsitsa chikwama n'kuyamba kuikamo zovala zanga. Ndinachita mantha kwambiri. Bambo anali atapita kale, ndipo tsopano amayi nawo ndiwasiye chifukwa cha utuchi? Ndinayamba kutsokomolera m'pilo kuti asamandimve, ngati kuti mphumu imabisika.

Amalume anasisita ndevu zawo zodzaza fumbi. Kenako anati, "Achemwali, mwana wa mbumba yanga akaleredwe kuchimuna ine ndili moyo?"

"Nanga mukufuna ndimuike m'manda muli moyo?" anayankha amayi, osakweza mawu.

Loweruka lotsatira amalume anakulunga sowo yachikasu ija m'thumba n'kukwera nayo minibasi ya ku boma. Ine ndinkayesa yawonongeka. Anabwerako pa matola opanda sowo, koma ndi chinthu chosaoneka bwino: mota yakuda, thumba lalikulu la nsalu, ndi paipi yaitali yamakwinya ngati chitamba cha njovu. Anali atasinthana ndi kalipentala wina wa kumeneko. Analumikiza paipiyo ku makina osalazira, nayatsa. Thumba linafufuma n'kuimirira njo, ndipo fumbi lonse linkathawira m'paipi lisanauluke. Ndinaika dzanja pakamwa pa paipiyo, inandikoka chikhatho mpaka ndinaseka.

Anthu oonerera aja anadikira kuti chinthucho chidule kapena kupala kanthu. Ataona kuti ntchito yake ndi kumeza basi, anaseka mpaka kugwira nthiti. Wogulitsa kabichi wina ndiye anachitcha dzina loti Mkamwini, ati changobwera kudzadya pamudzi pa eni ake, khasu osaligwira. Dzinalo linamera mizu. Aliyense wodutsa ankafunsa ngati Mkamwini wadzuka bwino, ndipo amalume ankayankha akumwetulira kuti, "Msiyeni adye, ndi mlendo."

Ndakhala ndikumva anthu akutamanda makina amene amapanga zinthu zooneka ndi maso. Ine ndimalemekeza amenewo. Zitenje zinatsika pakhoma. Tiyi anayambanso kukoma tiyi. Madzulo aliwonse amalume ankakhuthula thumba lija kudzala, ndipo mpweya wa m'chipinda mwathu unapepuka. Koma matabwa anabwerera ku macheka amanja. Mabenchi a tchalitchi amene analonjeza anachedwa, makasitomala ena anapita kwina, ndipo nthawi zambiri ndinkapeza amayi akuwathowa phewa amalume ndi kansalu ka madzi otentha.

Sukulu inatsekera. Palibe anatchulanso za ku Kasina. M'mawa wina ndinangoona amayi akutulutsa zovala zanga m'chikwama n'kuzibwezera pachingwe, ndipo ndinathamanga kukauza anzanga kuti bulugamu wandichiritsa. Ndinali wotsimikiza ndithu.

Sowo yachikasu yokha ndiyo inkandiwawa mtima, chifukwa ulemu wanga kusukulu unapita nayo limodzi. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa amalume chifukwa chake anapereka chinthu chokongola chija n'kutenga Mkamwini. Anasiya kucheka, natambasula mkono pang'onopang'ono, nkhope ili tsinya.

"Inali ndi phokoso, mwanangu," anatero, n'kugwiranso macheka.

Ndinagwedeza mutu n'kupita kosewera, ndikupuma bwinobwino. Sindinadabwe n'komwe kuti pofuna kumva yankholo ndinachita kusendera pafupi, chifukwa Mkamwini ankalira kuposa sowo ija.